Alamu Odula Ngodya

Ngati mwadzuka lero mutataya mtima, ngati munayesa chinthu n'kulephera anthu akuona, khalani kaye pansi mumve za mayi ena amene amisiri onse amangowatchula kuti Alamu.

Tsiku limene nkhaniyi ikuyambira, Alamu anali pa makwerero m'chipinda chochezera cha nyumba yatsopano yosapenta. M'manja anali ndi matabwa awiri a konisi, timatabwa tokongoletsa tija timene amakhomera pamene khoma lakumana ndi siling'i. Anawagunditsa pakona kuti akumane, koma anakana. Mbali ina anagundana, mbali ina anayasama moti mukanalowa zala ziwiri.

Limeneli linali thabwa lachisanu ndi chiwiri kuwonongeka m'mawa umodzi.

Wopenta anasiya kutakasa penti wake. Wamagetsi anayang'ana kumbali ngati wataya waya. Palibe amene anaseka, ndipo Alamu amati bola akanaseka.

Kapitawo anavula chipewa n'kukanda m'mutu.

"Alamu, tsikani," anatero. "Ndinakulolani chifukwa cha mnzathu amene akudwala. Koma chisoni sichilumikiza matabwa. Mwini nyumba akabwera ndimuuza chiyani? Pitani kunyumba."

Alamu anatsika. Anakweza makina awo mu wilibala, anatola zidutswa ziwiri za matabwa owonongekawo, n'kutuluka pageti. Atakhota pamene sakanaonekanso, anaimika wilibala n'kukhala pa chogwirira chake, nalira ngati mwana.

Makinawo anali a amuna awo, mmisiri wa siling'i amene anzake ankamutcha Tsinzina, chifukwa poyang'ana ngati matabwa akumana bwino ankatseka diso limodzi. Amisiri anzakewo ndiwo anazolowera kutchula mkazi wake kuti alamu, mpaka linasanduka dzina.

Miyezi isanu m'mbuyomo, sitiroko inawagwetsa a Tsinzina ali pantchito. Anatuluka m'chipatala mkono wamanja ndi mwendo wamanja zitafa. Mawu nawo anathawa. Munthu amene ankadzutsa nyumba yonse ndi nthabwala anatsala ndi "eya" ndi "ayi", ndipo nthawi zina ankazisokoneza.

Alamu anali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri. Moyo wawo wonse ankachapa ndi kusita zovala za anthu. Sukulu anangoilawa zaka zinayi, ndipo manambala ankawaopa ngati njoka. Mwana wawo wamkulu anakwatiwa kutali, wamng'ono anali m'chaka chomaliza cha sekondale. Zochapachapazo sizikanatha kudyetsa anthu atatu n'kugulanso mankhwala.

Tsiku lina anabwera achimwene awo a Tsinzina.

"Makina awa angochita dzimbiri," anatero. "Ndapeza wogula."

Atawerama kuti awanyamule, a Tsinzina anatambasula dzanja lamanzere, anagwira chingwe cha makinawo n'kuchikulunga pamkono. Misozi yokha inkatsika mbali zonse ziwiri, yamoyo ndi yakufa yomwe.

"Asiyeni," anatero Alamu. "Ndiwagwiritsa ntchito ine."

"Inu? Mukuyesa ndi simbi imeneyi?"

Kunena zoona, Alamu anangolankhula kuti misozi ija isiye. Koma mawu akatuluka sabwerera m'kamwa. Anakumbukira kuti ankawaona amuna awo akudula konisi masiku amene ankawapititsira chakudya, ndipo zinkaoneka zosavuta: kuika thabwa, kutsitsa mpeni, basi. N'chifukwa chake anakachonderera kapitawo uja, ndipo mwamva kale mmene zinathera.

Anafika kunyumba dzuwa lisanafike pamutu. A Tsinzina anali pampando pakhonde, ndipo atangoona wilibala ikubwera nthawi imeneyo anadziwa. Alamu anagwada pambali pawo n'kuika zidutswa zija pamiyendo pawo.

"Ndalephera, bambo. Achimwene anu amanena zoona."

A Tsinzina anatenga chidutswa chimodzi ndi dzanja lamanzere, anachikweza m'mwamba, n'kutseka diso limodzi. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka. Alamu anachita mantha kuti matenda abwereranso, koma ayi, munthuyo ankaseka. Ankaseka ndi theka la pakamwa, kuseka koyamba chichokereni kuchipatala.

"Mukundiseka? Ine ndikulira inu mukundiseka?"

"Te... te..." A Tsinzina analimbana ndi liwulo mpaka thukuta pamphumi. "Tembenu..."

Alamu anatembenuka kuona ngati kumbuyo kuli munthu. Kunalibe, kunali wilibala yokha. Apa m'pamene a Tsinzina anaseka mpaka kutsokomola, ndipo Alamu nawo anapezeka akuseka misozi isanaume.

"Tembenu...zani!" linatuluka liwulo, ndipo a Tsinzina anazondotsa chidutswa chija pamiyendo pawo.

Mwina inu simunawaonepo makina amenewa. Ndi macheka amagetsi. Pansi ali ndi katebulo kachitsulo, kumbuyo kwa katebuloko kuli chitsulo choimirira chotsamiritsapo thabwa, ndipo pamwamba pali mpeni wozungulira wa mano umene umaupotolera kumanja kapena kumanzere usanautsitse. Alamu ankagoneka konisi chafufumimba pa katebuloko ngati thabwa wamba. Koma konisi sigona. Pakhoma imakhala chopendekera, mlomo wina utagwira khoma, wina utagwira siling'i. Podula imayeneranso kupendekera chimodzimodzi, koma chozondoka.

A Tsinzina anawakokera makinawo pafupi. Anamenya katebulo kapansi n'kuloza kumwamba. Anamenya chitsulo choimirira n'kuloza khoma. Anabwereza katatu.

"Ndiye kuti pansipa ndi siling'i?" anafunsa Alamu. "Ndipo ichi ndi khoma?"

"Eya!"

"Nanga bwanji simunandiuze kalekale?"

A Tsinzina anawayang'ana, n'kuloza pakamwa pawo. Awiriwo anasekanso.

Kuyambira tsiku limenelo khonde linasanduka sukulu. M'mawa Alamu ankachapa za anthu. Masana ankazungulira malo amene akumanga nyumba, kupempha zidutswa za konisi zotayidwa. Madzulo dzuwa likapendeka ankayala makina. Anatenga bokosi lakale lamatabwa n'kulivundikira cham'mbali kuti likhale ngati kachipinda, kokhala ndi makoma ake ndi siling'i yake. Mphunzitsi anali ndi supuni ndi mbale yachitsulo: kugogoda kamodzi ndiye kuti zili bwino, kawiri ndiye kuti bwerezani.

Kwa milungu itatu supuniyo inkangolira kawiri.

Chovuta sichinali kuzondotsa kokha. Chinthu chikazondoka, kumanja kumasanduka kumanzere. Thabwa lopita kumanzere kwa kona limakhala kumanja kwa mpeni. Ndiyenso makona ali pawiri, lolowa mkati ndi lotulukira kunja. Pa lolowa mkati, mlomo wogwira khoma ndiwo umatalika. Pa lotulukira kunja, umatalika ndi wogwira siling'i. Mutu wa Alamu unkazungulira. Ankapita kukatunga madzi akulankhula okha, manja akutembenuza thabwa losaoneka, moti amayi anzawo anayamba kunong'onezana kuti mavuto awasokoneza mutu.

Mwana wawo wa sukulu ndiye anathandiza. Tsiku limene zidutswa zinayi zinakumana bwino m'bokosi muja, mtsikanayo anatenga utoto wake wopaka zikhadabo n'kuika timadontho: kamodzi, tiwiri, titatu, tinayi. Anaziboola n'kuzimanga pachingwe.

"Amayi, muzingoyenda nazo. Musanadule, muziyamba mwakweza chimodzi pakona, muone chimene chikugwirizana."

Mpaka lero zidutswa zinayizo zimakhala m'thumba la epuloni yawo.

Tsiku lina Alamu atayamba kuzolowera, anagwira thabwa ndi dzanja lodutsa kutsogolo kwa mpeni kuti achite changu. Asanatsitse, mbale ija inauluka n'kukagwera pabwalo.

"Zala!"

Liwu la a Tsinzina linatuluka lathunthu, lomveka mpaka kwa aneba. Alamu anasiya makina. A Tsinzina anawakodola. Anawagwira dzanja lija, anawerenga zala chimodzichimodzi ndi chala chawo chachikulu, n'kuliika pachifuwa pawo. Anakhala choncho nthawi yaitali. Kuyambira pamenepo Alamu sadutsitsa dzanja kutsogolo kwa mpeni, sadula mpango ukulendewera, ndipo sakweza mpeni usanaime.

Namwino wowalimbitsa mafupa a Tsinzina anadabwa atawaona mwezi wotsatira. Mawu anali atayamba kubwerera, koma ankabwera mwa dongosolo lachilendo. Munthuyo sankatha kunena "madzi", koma ankanena "kumanja", "pang'ono", "dikirani", "utuchi".

"Kaya mukuwapatsa mankhwala anji kunyumbako," anatero namwinoyo, "koma musasiye."

Ntchito yoyamba inachokera kwa mayi wa saluni amene Alamu ankamuchapira matawulo. Kanali kachipinda kamodzi ka makona anayi. Alamu anapotolera mpeni pa nambala imene anaphunzitsidwa, pa 45, anadula mbali zonse ziwiri mosamala, anakwera makwerero mtima uli m'malo. Kona loyamba linakumana ngati linabadwa choncho. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu linayasama.

Anadulanso. Linayasamanso. Anayesa zidutswa zawo zinayi, anaona kuti sanalakwitse mbali. Mayi wa saluni anaima pakhomo chipeso chili m'manja.

Kunyumba a Tsinzina anamvetsa msanga. Khomalo linali lokhota, ndipo omanga sanalimange pa ngodya yeniyeni. Ankadziwanso mankhwala ake: kuyeza ngodyayo, kuigawa pawiri, n'kusuntha mpeni pang'ono. Koma zimenezi zinkafuna manambala, ndipo manambala ndiwo sitiroko inawatenga onse. Ankafuna kunena china, pakamwa n'kutuluka china. Anayesa kulemba ndi dzanja lamanzere, pensulo inathyoka.

"Pakati," ankangotero. "Pakati. Pakati!"

"Pakati pa chiyani, bambo?"

A Tsinzina anataya supuni, anatembenukira kukhoma, ndipo kwa masiku awiri sanalankhule ndi munthu. Chakudya ankangochigwira pang'ono. Amenewa anali masiku owawa kuposa tsiku la kapitawo lija, chifukwa tsopano Alamu anaona kuti akalephera salephera okha.

Tsiku lachitatu m'mawa anali kusita mipango ya m'thumba ya kasitomala wina. Anagwira kampango kamodzi, anapinda mbali ina kuti igone pa inzake, n'kupondereza simbi. Atakatambasula anaona mzere utachokera pakona penipeni n'kuligawa mofanana. Anali atapinda mipango yotere zaka makumi awiri. Simbi anaisiya chiimire.

Anathamangira kusaluni ndi pepala la nyuzipepala yakale. Analikanikiza ku siling'i pakona lovuta lija, anakanda ndi chikhadabo motsatira khoma ili ndi khoma ilo, anadula ndi sizasi ya mayi wa saluni. Pepalalo linatenga mawonekedwe enieni a konalo, ndi kukhota kwake komwe. Analipinda pakati, mbali pa mbali. Analigoneka pa katebulo ka makina, mlomo wina utatsamira chitsulo choimirira, n'kusuntha mpeni mpaka unagwirizana ndi mzere wopindawo. Nambala imene mpeni unaimapo sanaiyang'ane n'komwe.

Matabwa awiriwo anakumana moti ngakhale tsitsi silikanalowa.

Anafika kunyumba akupuma mwawefuwefu, n'kuika pepala lopindalo m'dzanja la amuna awo. A Tsinzina analitambasula, analipindanso, analitambasulanso. Kenako anayang'ana uku ndi uku kufuna supuni. Alamu anaitola n'kuwapatsa. Inalira kamodzi.

Musaganize kuti kuchokera apo msewu unasalala. Eni nyumba ambiri akawaona Alamu akulowa ndi wilibala ankafunsa kuti, "Nanga mmisiriyo akubwera nthawi yanji?" Ena ankawabweza pageti pomwepo. Khosi linkawawa chifukwa choyang'ana kumwamba tsiku lonse, ndipo mikono inkachita dzanzi. Tsiku lina atabwera kuntchito anawapeza a Tsinzina ali pansi pafupi ndi khomo la bafa. Anali atagwa m'mawa ndipo panalibe wowadzutsa. Alamu analumbira kuti sapitanso kulikonse. M'mawa mwake anapeza epuloni yawo itaikidwa pa wilibala, ndi botolo la madzi pambali. Munthu wa mwendo umodzi ndi dzanja limodzi anali atadzikoka ndi ndodo mpaka pabwalo kuti akaziike pamenepo. Alamu anapempha mayi woyandikana nawo kuti aziwazonda masana, anavala epuloniyo, napita.

Paja amati mutu umodzi susenza denga. Awa anali anthu awiri: wina ali ndi manja, wina ali ndi diso, ndipo pang'onopang'ono diso lija linasamukira kwa wa manja. Makasitomala a pasaluni akagoneka mutu kuti awatsuke tsitsi, ankaona makona aja n'kufunsa amene anawakonza. Ntchito ya Alamu inachokera pamenepo kupita ku sitolo ya mankhwala, kenako ku nyumba ya mphunzitsi wina, kenako ku kachipatala ka mano.

Patatha chaka ndi theka, kapitawo uja anafika yekha pakhomo pawo, chipewa chili m'manja. Anawapatsa moni a Tsinzina, anakhala pang'ono, kenako anakonza kukhosi.

"Alamu, ndili ndi nyumba ina. Chipinda chodyera chili ndi windo lotulukira kunja, makona asanu ndi limodzi, palibe lofanana ndi linzake. Amisiri awiri ayesa, angondimatira pulasitala m'mipata. Mwini wake wakana. Ndamva kuti inu mumapinda mapepala."

"Matabwa asanu ndi awiri aja munawaiwala?" anafunsa Alamu.

"Sindinaiwale. Koma ndinakaona kwa dokotala wa mano. Ndinayasama pampando paja ola lathunthu, ndipo ndinasowa poloza."

Ntchitoyo inatenga masiku atatu. Thabwa loyamba Alamu analidula mbali yolakwika, anthu onse akuona. Analiyang'ana, anaseka, n'kunena kuti, "Limeneli ndi la moni." Otsalawo sanalakwitse ngakhale limodzi. Wopenta yemwe uja, amene tsiku lija anasiya kutakasa penti, anakwera makwerero ndi kachitini ka zomatira m'mipata, anazungulira chipinda chonse, n'kutsika chitini chisanatsegulidwe.

Lero Alamu sachapanso za anthu. Wilibala inapuma, makina amayenda pa kagalimoto ka hayala. Mwana wawo anamaliza sekondale ndipo akuphunzira zojambula mapulani a nyumba. Amayi awiri amene amuna awo anamwalira akuphunzira ntchito kwa iwo, ndipo tsiku loyamba aliyense amapatsidwa nyuzipepala ndi sizasi asanakhudze makina.

A Tsinzina sanachire kwenikweni. Amayenda ndi ndodo kuchoka kuchipinda kufika pakhonde, ndipo masana amatopa msanga n'kukagona chagada pabedi. Tsiku lina Lamlungu Alamu anakhala pambali pawo n'kuyang'ana kumene iwo ankayang'ana. Anaona siling'i ya chipinda chawo, imene a Tsinzina anakhoma okha ali mnyamata. M'mphepete monse munali mpata wakuda, mokhala akangaude. Munthu amene anakongoletsa nyumba za anthu zaka makumi awiri ndi zisanu anali asanaikepo konisi m'chipinda chake.

"Ndiye mumangoona zimenezi masana onse?"

"Mawa... mawa," anatero a Tsinzina, akumwetulira mwamanyazi. Ndi mmene ankayankhira kale akafunsidwa za ntchito za pakhomo.

Loweruka lotsatira Alamu anakana ntchito zonse. Anagula konisi yabwino kuposa ina iliyonse imene anaikapo kwa anthu. Anakankhira bedi pakati pa chipinda, mwini wake ali pomwepo, atatsamira mapilo. Makina anawaika pakhomo kuti aziwaona. Anagwira ntchito tsiku lonse, utuchi ukugwera pa bulangete, ndipo palibe amene anadandaula.

Litatsala thabwa lomaliza, Alamu analiyeza pakhoma, anaikapo chikhadabo pamene payenera kudulidwa, anatsika nalo n'kuliika pamiyendo pa amuna awo. Anawapatsa pensulo m'dzanja lamanzere.

"Lembani ndinu. Chipinda ndi chanu."

Dzanjalo linayamba kulemba. Alamu sanaligwire, anangogwira thabwa kuti lisasunthe. Mzere unatuluka wokhotakhota pang'ono, koma unayambira pamalo pake. Alamu anadula, anakwera, anakhoma. Kenako anatsika, anavula epuloni, n'kugona chagada pambali pa amuna awo, onse awiri maso ali kumwamba.

A Tsinzina anayendetsa maso kona ndi kona, mpaka onse anayi. Milomo yawo inayamba kugwedera monga imachitira akamasonkhanitsa mawu, ndipo Alamu anadikira, chifukwa anaphunzira kusawamalizira.

"Mayi," anatero pang'onopang'ono, liwu lililonse palokha, "mwandiposa."

Alamu anangofuna dzanja lakufa lija, limene anthu ambiri amaopa kuligwira, n'kuliika m'manja mwawo.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso munauzidwa kuti tsikani, pitani kunyumba. Mwina mukuganiza kuti zaka zapita, sukulu munalibe, ndipo amene ankakusenzani ndi amene mukumusenza tsopano. Lirani ngati misozi ilipo, palibe cholakwa. Mukatha, pukutani m'maso, mufunse amene akudziwa, muyesenso, ndipo zimene manja anu akudziwa kale musazipeputse. Mtima wanuwo musautaye, mudzaufuna mawa m'mawa.